Anandiwongolera Chitseko Osandifunsa

1

Ndinene poyambirira kuti ine si munthu wofatsa, ndipo sindikulemba izi kuti wina andimvere chisoni. Amuna anga anamwalira chaka ndi miyezi inayi yapitayo. Anali okonza mipope ya madzi m'makomo mwa anthu. Anandisiyira nyumba ya zipinda zitatu, bokosi la zitsulo zawo, ndi galimoto yoyera yakalekale yomwe sindidziwa n'komwe kuiyendetsa.

Galimotoyo inkangokhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Alamu anga, ang'ono awo a malemu, ankabwera kamodzi pamwezi kudzailiza kuti batire isafe, n'kumwa tiyi chiimirire, n'kumapita. Ena onse anasiya kubwera maliro atangotha. Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, amagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi mbali ina ya tauni. Ameneyo anali mwana wa bambo ake kuyambira ali kumsana. Pamaliro anaona kuti ine sindinagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo chiyambire tsiku limenelo ankandiyankhula ngati akuyankhula ndi kasitomala: mwadzuka bwanji, mankhwala mukumwa, chabwino, foni thi.

Ndikamaliza ntchito za pakhomo, zomwe kwa munthu mmodzi zimatha dzuwa lisanakwere, ndinkatenga kampando n'kukakhala moyang'anizana ndi galimotoyo. Pachitseko chakutsogolo, mbali yomwe ndinkakhala ine, chitsulo chinalowa mkati ngati mbale, penti n'kusupuka, dzimbiri n'kuyamba kudya m'mbali. Ndinkapatcha chipsera. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti njinga yamoto inawagunda pamsika. Linali bodza, ndipo munthu amene sindinkafuna kuti adziwe zoona zake mpaka ine kulowa m'manda anali mwana wanga yemweyo.

Ndiye kunabwera mvula ya mphepo, nthambi ya mapeyala n'kugwera pagalasi lakutsogolo. Madzi anayamba kulowa, mipando n'kumanunkha chinyezi. Alamu anati tiipititse ku galaja komwe malemu ankakonzetsa nthawi zonse. Ine kumeneko ndinali ndisanapondeko.

2

Galajayo ndi bwalo la mpanda wa malata, lodzaza magalimoto opanda nyali, ena opanda zitseko, fumbi loyera paliponse ndi fungo la penti lofika mpaka kummero. Mwini wake ndi bambo wamfupi wa dazi, zikhadabo zake zili ndi penti ya mitundu yonse, anthu amangomutchula kuti a Nyundo. Galimoto anaizindikira tisanaimike n'komwe. Anaisisita pabonati ngati ng'ombe yake, n'kuwagwira dzanja alamu nthawi yaitali powapepesa za imfa. Ine anangondigwedezera mutu. Ndinaona, koma ndinati ndi mmene alili amuna a m'magalaja.

Anthu a ntchito imeneyi sangaone pophwanyika osayendetsapo chikhatho. A Nyundo atazungulira galimoto anaima pachitseko paja, n'kumapasisita, n'kumati ndi kantchito ka theka la tsiku, dzimbiri likapitirira chitseko chonse chitha. Ndinawadula.

“Galasi lokha, bambo. Chitsekocho musachikhudze.”

Anaseka, nati amva. Alamu anandinong'oneza kuti ndisamakalipire anthu pachabe.

Lachisanu ndinapita ndekha, alamu anati andipeza akaweruka. Galimoto yanga ndinaidutsa kawiri osaizindikira. Inali itatsukidwa, galasi latsopano lili mbee, ndipo chitseko chija chinali chosalala ngati chochokera kusitolo. Ndinawerama n'kuona nkhope yanga pomwe panali chipsera.

Zomwe ndinayankhula pamenepo sizolembeka m'magazini. Wowotcherera zitsulo anazimitsa moto wake kuti amve bwino. A Nyundo anatuluka mu ofesi akupukuta manja, akumwetulira, kuyesa kuti ndikudandaula za mtengo.

“Koma tinaimba foni, mayi. Kuno sitiwonjezera ntchito tisanaimbire eni ake. Mayi akunyumba anavomera.”

“Mayi akunyumba ake ati? Mkazi wa malemu ndine, ndipo foni yanga sinalire.”

Kumwetulira kunathera pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kukamwa kakasi, kenako anayamba kuyankhula mothamanga. Anati ndiye kuti ndi kulakwitsa kwawo, ndiwakhululukire, za chitseko ndisapereke kalikonse, ndingosaina kuti galimoto ndailandira. Ine ndinangoona munthu wogwidwa bodza. Ndinawauza kuti abwezeretse chitsekocho mmene chinalili. Antchito awo anaphulika ndi phwete. Iwo anati zaka makumi atatu akuwongola magalimoto, sanauzidwepo kuti aphwanye chomwe awongola, ndipo ngakhale atamenya ndi nyundo sichingafanane ndi chakale.

Makiyi ndinawakana. Ndinatuluka pageti n'kuimbira mwana wanga, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo pakati pa sabata. Ndinamuuza zonse mokuwa, anthu akundizungulira pamsewu. Pomwepo mawu ake anasintha. Anali mawu a mwana wanga weniweni, amene ndinali ndisanawamve chiikire maliro.

“Akhudza galimoto ya adadi popanda chilolezo? Amayi, musasaine chilichonse, ndipo musaitenge. Ndikubwera mawa.”

M'minibasi, mkwiyo utayamba kuzirala, mawu a Nyundo anandibwerera m'makutu: tinaimba foni, anavomera. Munthu uja sananame. Ndinadziwa amene anayankha foniyo, ndipo ndinadziwa kuti moto ndauyatsa ndekha pakhomo panga.

3

Anabwera Loweruka m'mawa ndi kachikwama, nati agona mpaka Lolemba kuti tidzapitire limodzi. M'chipinda chake chakale munali muli matumba ndi zitsulo za bambo ake. Tinachotsa tonse awiri, iye akuyetsemula ndi fumbi, ine ndikumunena kuti ntchito ya mu ofesi yamufewetsa. Anaseka. Mwana wanga anaseka m'nyumba mwanga.

Masana anakhala pabedi langa ndi kompyuta yake pamiyendo, akulemba kalata ya mawu akuluakulu yopita ku galaja. Ankandiwerengera ndime iliyonse n'kumandimasulira. Anati nkhani zoterezi amakumana nazo tsiku ndi tsiku ku ntchito, eni magalaja akaona mayi wamasiye amayesa apeza munda. Kawiri konse ndinayesa kumuletsa. Ndinati mwanawe, tingoisiya nkhaniyi, munthu wapepesa kale, ndalama sakufuna. Iye anati kusafuna ndalamako ndiye umboni woti akubisa kanthu. Kenako anandigwira bondo.

“Sindinkadziwa kuti galimoto ya adadi mumaikonda chonchi. Ndinkayesa kuti simusamala.”

Pamenepo ndiye panali poyankhulira. Ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso.

Amene sanakhalepo yekha m'nyumba sangamvetse. Kunali masilipasi a munthu wina pakhomo la bafa. Kunali wina wotsokomola kuchipinda, wina wosintha wailesi ine ndikumvera, wina wofunsa komwe ndinabisa shuga. Masiku awiri amenewo ndinawadya ngati munthu wanjala, ndikudziwa bwinobwino kuti Lolemba likubwera.

Lamlungu masana atapita kukagula sopo, ndinatenga foni. Nambala ya amene anayankha foni ya a Nyundo uja ndinaifufuta kalekale koma m'mutu sinachoke. Ndinkafuna kumuuza mwini wake kuti mawa asayankhe foni iliyonse yachilendo. Inalira kamodzi, ine n'kudula. Ndinalumbira kuti mkazi ameneyo sindidzamupempha kanthu, ngakhale madzi akumwa. Kunyada kwanga kunali kwakukulu kuposa mantha.

4

Ofesi ya a Nyundo ndi kachipinda ka tebulo limodzi, zitini za penti mpaka kudenga, ndi kalendala ya matayala ya chaka chatha. Pakona pankakhala mlembi wawo, mayi wa magalasi okhuthala, ndi kabati yamakhadi. Galimoto iliyonse yobwera kawirikawiri ili ndi khadi lake, pomwe amalemba ntchito yonse ndi manambala oimbira.

Mwana wanga sanakweze mawu. Anayala kalata yake patebulo n'kufotokoza bwinobwino komwe angakasume. A Nyundo sankamuyang'ana iye, ankandiyang'ana ine, maso akundipempha kuti ndimugwire mwanayo. Anati cholakwa achivomera, alemba chipepeso ndi dzanja lawo, ngakhale galasi lomwe tisalipire. Mwana wanga anati zikomo, koma akufuna aone pomwe analemba kuti anaimba foni. Iwo anati khadilo lasowa.

Mlembi uja anakwiya. Anati chiyambire ntchito pamalopo sanasowetsepo khadi ndi limodzi lomwe, n'kutsegula kabati, n'kuliika patebulo a Nyundo asanadzuke pampando.

Dzanja la amuna anga ndinalizindikira ndili patali, zilembo zopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Analemba dzina lawo ndi nambala yawo. Pansi pake analemba kuti “Mayi”, ndi nambala ina. M'munsimo mlembi anali atawonjezera ndi cholembera chofiira: avomera pa foni, alipira.

Mwana wanga anawerenga nambalayo kawiri, nati imeneyi si ya amayi anga. Anaganiza kuti wagwira akuba. Anaimba pomwepo, n'kukweza foni kuti tonse timve. Ndinamugwira mkono, koma inali italira kale.

Anayankha mawu a mkazi, ofatsa, kumbuyo kukumveka makina osokera. Mwana wanga anadzitchula kuti ndi mwana wa mwini galimoto yoyera ija, akufuna adziwe kuti iwo ndi ndani kuti azivomereza ntchito pa galimoto ya eni. Makina anasiya kulira.

“Amayi ako ali pomwepo?”

Mwana wanga anandiyang'ana. Mawu a pafoni aja anapitiriza.

“Mayi, ngati mukundimva, ndikhululukireni. Anandiimbira kuti galimoto yabwera, akufunsa za chitseko. Ndinalephera kukana. Chitseko chimene chija sichindichoka m'maso.”

Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikusintha pang'onopang'ono. Mawuwo anawadziwa. Anali a mayi wosoka makatani, amene anatisokera makatani a pabalaza pathu, amenenso anamusokera iye diresi la tsiku lomwe anamaliza sukulu. Anadula foni n'kuiika patebulo mosamala ngati dzira.

A Nyundo anaweramitsa dazi lawo. Anati zaka zisanu ndi chimodzi malemu ankabwera ndi mayi enawo, n'kumawatchula kuti akunyumba.

“Inu ndimayesa ndinu achemwali awo. Mutakana za chitseko ndinati mukuopa mtengo basi.”

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikuwachapira munthu maovolosi onunkha ngalande, kuti ku galaja ndikakhale achemwali.

5

Mwana wanga anatenga makiyi patebulo n'kutuluka. Ndinamupeza atakhala pachiwongolero, galimoto ili pomwe anaiimika, pakati pa bwalo. Ndinalowa mbali yanga n'kutseka chitseko. Chinatsekeka bwinobwino, popanda phokoso. Dzuwa linali litakwera, magalasi onse otseka, panja wina akukhula chitsulo. Anandifunsa osandiyang'ana kuti chitsekocho chinatani. Ndinamuuza, ndipo ndikuuzani inunso.

Mphekesera ndinazimva zaka zambiri, ndikumazikankha. Tsiku lomwe amuna anga anamwalira, m'mawa ndikuchokera kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndinaona galimoto yathu itaima pa sitolo ya zipangizo zomangira. Pampando wanga panali mayi wa makatani, nsapato atavula, akusenda nthochi, galasi lotsitsa, ngati ali pakhonde la kwawo. Pafupi ndi sitoloyo panali mulu wa njerwa. Ndinatola imodzi. Sindinkalimbana ndi chitseko ayi, ndinkafuna nkhope yake. Mkono ndi umene unandichepera, njerwa n'kugwera m'munsi.

Amuna anga anatuluka m'sitolo atanyamula mapaipi, anthu atadzaza kale. Anati tikakambirane kunyumba. Ine ndinawayankha pamaso pa gulu lonselo kuti, “Mukafere komweko. Kwanga musabwerenso.” Analowa m'galimoto n'kunyamuka naye. Amenewo ndiwo mawu omaliza omwe anamva kwa ine.

Cha m'ma fili koloko foni yanga inalira. Anali mayi uja, akulira, akuti agwa pabalaza pake ndipo sakuyankha. Ndinakwera takisi. Tinawanyamula awiriwiri, iye kumiyendo ine kumutu, n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo. Iye ndiye ankayendetsa, poti amadziwa, anamuphunzitsa ndi iwo omwewo. Ine ndinawafungatira mutu pamiyendo panga. Chitseko chija chinkangogogoda njira yonse chifukwa sichinkatsekeka bwino. Tisanafike pageti la chipatala ndinamva kuti mutu walemera mwa mtundu wina.

Poimika magalimoto pa chipatala pomwepo ndinamuuza zoti tinene: anagwa akukonza mpope kwa kasitomala, kasitomalayo n'kuthandiza kuwathamangitsira kuchipatala. Ndinamuuzanso kuti akasiye galimoto kwathu, makiyi aike pakhonde, ndipo kumaliro asaoneke. Zonse anachita.

Dokotala anati unali mtima, unali utatopa kale. Mwina n'zoona. Koma ine ndikudziwa zomwe ndinanena m'mawa wake, ndipo zinachitika dzuwa lisanalowe. Pamaliro sindinalire chifukwa sindinadziwe kuti ndilire ngati ndani, mkazi wonyengedwa kapena mkazi wotemberera. Anthu onse obwera kudzapepesa ndinkawanamiza. Chipsera chija chokha ndi chomwe chinkadziwa zonse pakhomo pathu, ndipo ndikakhala moyang'anizana nacho sindinkafunika kunamizira kalikonse. N'chifukwa chake ndinati asachikhudze.

Nditamaliza, mwana wanga anakhala nthawi yaitali manja ali pachiwongolero. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Ndinkayembekezera kuti anena za njerwa, kapena za temberero. Sananene zimenezo.

“Chaka chonse ndakhala ndikudana nanu, amayi. Ndinkati munthu wanji wosalira mwamuna wabwino ngati uja. Inu mukuona, n'kumangondisiya.”

“Ndinkafuna utsale ndi bambo ako.”

“Ndiye bambo ndi awo mwandilanda lero. Mayi munandilanda kale chaka chatha.”

Anatuluka, n'kukasaina pepala la a Nyundo, n'kung'amba kalata yake ija. Anandiyendetsa mpaka kunyumba. Galimoto anaiimika kuseri, analowa kukatenga kachikwama kake, n'kutuluka pageti osacheuka.

6

Panapita milungu itatu kuli ziii. Ndinamuimbira kanayi, sanayankhe. Alamu anabwera atamva nkhaniyi kwa a Nyundo, n'kuyamba kundiuza kuti amuna ndi mmene alili. Nditawafunsa ngati iwo ankadziwa, anayang'ana pansi. Ndinawauza kuti geti ndi ilo, ndiye nawonso sabweranso.

Inu owerenga, musayembekezere kuti ndinena kuti ndakhululuka. Sindinakhululuke. Ndimakwiyabe ndi munthu amene anathawira m'manda osayankha mlandu wake, n'kundisiya ine kuti ndiziyambana ndi ana a eni m'magalaja. Mayi wa makatani sindimufunira zabwino, ngakhale nthawi zina ndimaganiza kuti m'tauni yonseyi ndi iye yekha amene akulira munthu yemweyo ndi ine, aliyense m'nyumba yake, chitseko chotseka. Kwa inu okonza magalimoto ndili ndi mawu amodzi: munthu akakuuzani kuti apa musakhudze, musakhudze, ndipo musanathamangire nambala ya pakhadi muzifunsa amene waima pamaso panuyo kuti ndi ndani.

Koma cholakwa chachikulu si cha a Nyundo. Paja amati ukabisa matenda maliro adzaulula. Ine ndinamusankhira mwana wanga katundu woti asenze, ngati akadali wa zaka zisanu, pomwe ndi mayi wamkulu woweruza nkhani za anthu ku ntchito kwake. Ndinayesa kuti ndikumusungira bambo wabwino, osaona kuti ndikumusiya yekha monga ndinalili ndekha ine. Ngati m'nyumba mwanu muli chinthu chomwe mumachiyang'ana panokha ana akachoka, auzeni ndi pakamwa panu, mlembi wa ku galaja asanakutsegulireni kabati.

Sabata yatha, Lachitatu madzulo dzuwa likadalipo, ndinamva geti likulira. Anali iye, atavala za ku ntchito. Moni wake unali wa pamwamba pa lilime. Ndinali nditaphika zokwana munthu mmodzi, ndinagawa pawiri, tinadya moyang'anizana osanena kanthu kupatula kupempha mchere. Atamaliza anadzuka n'kutenga mbale yake kupita nayo kusinki. Anaima pang'ono, n'kubwerera kudzatenganso yanga. Anatsuka zonse ziwiri, anazivundikira, n'kupita kukakwera basi. Sananene kuti abweranso liti, ndipo ine, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndinatseka pakamwa osafunsa.